Mmene mungaikire intaneti ya setilaiti pakhomo la kumudzi

M'midzi yambiri muli chulu, mwala kapena mtengo umene aliyense amaudziwa kuti ndi pamene pamagwira netiweki, ndipo madzulo mumapeza mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi ndi mwana wa sukulu ataima pamenepo, mafoni atakwezedwa m'mwamba, kudikira kuti uthenga upite. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'Malawi muno amakhala kumudzi, pamene nsanja zambiri za mafoni zinamangidwa m'matauni, m'malo a malonda ndi m'mbali mwa misewu ikuluikulu. Kuchokera mu July 2023, pamene Starlink, intaneti yodzera pa masetilaiti, inayamba kugwira ntchito m'dziko muno italandira chiphaso mu 2022 ku MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga, khomo la kuseri kwa phiri lingathe kukhala ndi intaneti yothamanga ngati ya mu ofesi ya ku Lilongwe. Koma chimene ndikufuna kuti mugwiritse musanatulutse ndalama ndi chakuti mbali ya kumwamba ndi yosavuta, pakuti inakonzedwa kale. Zimene zimagwetsa anthu ndi zapansi pano: magetsi, mitengo yozungulira nyumba, ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi.

Dziwani kaye chimene mukugula

Dishi ya DStv imaloza malo amodzi kumwamba chaka chonse chifukwa setilaiti yake ili pa mtunda wa makilomita 35,786, pamene imazungulira mofanana ndi dziko, moti kwa ife imaoneka ngati yaima. Intaneti ya setilaiti yakale inkadutsa kumeneko, ndipo popeza mtundawo ndi wautali, uthenga unkatha kupitirira theka la sekondi kuti upite ndi kubwerera, zimene zinkachititsa kuti anthu poyankhulana azingodulana mawu. Masetilaiti a Starlink, amene kampani ya SpaceX inayamba kuwaponya mochuluka mu May 2019, ali pafupi kwambiri, ambiri mwa iwo pa makilomita pafupifupi 500, ndipo alipo zikwizikwi. Iliyonse imazungulira dziko lonse pa ola limodzi ndi theka lokha, choncho imadutsa pamwamba pa mudzi wanu kwa kanthawi kochepa, kenako dishi yanu n'kulumphira ku ina imene ikubwera m'mbuyo. Ichi ndi chifukwa chake dishi imeneyi siikhutira ndi kampata kakang'ono pakati pa nthambi monga imachitira ya wailesi ya kanema. Imafuna thambo lalikulu lopanda chotchinga. Mukasunga mfundo imeneyi m'mutu, malangizo ena onse amveka okha.

Gawo loyamba: yesani zimene muli nazo kale

Musanaganize za setilaiti, bwerekani simu khadi ya TNM ndi ya Airtel, ndipo muyese zonse ziwiri pa malo osiyanasiyana pakhomo panu, m'mawa, masana ndi cha m'ma 8 koloko usiku pamene anthu ambiri amakhala pa intaneti. Ngati pa khonde kapena pamwamba pa nkhokwe pakugwira 4G, ngakhale yofooka, rauta (kabokosi kogawa intaneti pa Wi-Fi) yolowa simu khadi yokhala ndi mlongoti wapanja pa nsungwi yaitali ingathe kukukwanirani pa mtengo wotsika kwambiri, ndipo imadya magetsi ochepa. Setilaiti ndi ya khomo limene netiweki siifikako n'komwe, kapena limene limadya intaneti yambiri moti mabandulo akukutherani ndalama zoposa zimene mungamalipire pa mwezi. Lembani pa pepala ndalama zonse zimene banja lonse linagulira mabandulo m'miyezi itatu yapitayi, chifukwa nambala imeneyo ndi imene mudzaiyerekeze ndi mtengo wa setilaiti.

Gawo lachiwiri: pezani malo a nyumba yanu pa mapu

Pogula, mudzafunsidwa malo enieni amene dishi izikagwirira ntchito, ndipo nyumba zathu za kumudzi zilibe nambala kapena dzina la msewu. Njira yake ndi iyi: mukakhala pakhomo, tsegulani Google Maps, dinani kadontho kabuluu kosonyeza pamene mwaima, ndipo muona kanambala kosakaniza zilembo ndi manambala kotchedwa Plus Code. Kalembeni mosamala. Mukapita pamene pali netiweki, lowetsani kanambalako pa tsamba la starlink.com kuti muone ngati dera lanu likulandira anthu atsopano, mitundu ya zipangizo imene ilipo, ndi mitengo ya tsikulo. Kufufuza kumeneku n'kofunika ndithu, popeza chakumapeto kwa 2024 mizinda monga Nairobi ndi Harare inadzaza moti kampaniyi inaimitsa kwa kanthawi kulandira makasitomala atsopano, ngakhale kuti vuto lotere limagwa kawirikawiri m'mizinda, osati kumudzi kumene ogwiritsa ntchito ndi otalikirana. Malo olandirira katundu angathe kukhala osiyana ndi malo ogwiritsira ntchito, choncho perekani adiresi ya m'bale wodalirika wa m'tauni ndi nambala ya foni imene imayankhidwa nthawi zonse.

Gawo lachitatu: yang'anani kumwamba musanalipire

Pulogalamu ya pa foni ya Starlink ndi yaulere, ndipo mungathe kuikopera ngakhale musanagule chilichonse. M'kati mwake muli mbali yofufuzira zotchinga. Imani pamene mukuganiza kuti padzakhale dishi, kwezani foni pa msinkhu umene dishiyo idzakhale, lozetsani kamera kumwamba, ndipo muyendetse foniyo pang'onopang'ono mpaka itajambula thambo lonse limene ikufuna. Ikatha imakuuzani ngati malowo ndi abwino, ndiponso mbali imene kuli chotchinga.

Apa ndi pamene ambiri amafulumira, ndipo ine ndinazionera pafupi kwa amalume anga, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi n'kubwerera kumudzi. Tinayesa malo mu October, kuseri kwa khitchini, pamene mitengo yambiri ya m'mbali mwa munda inali itayoyola masamba, ndipo foni inati thambo lili bwino. Pofika mu January mitengo ija inali itavala, nthochi zitatambasula makwaule, ndipo akamayankhulana pa vidiyo ndi mwana wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg, chithunzi chinkangoima kwa masekondi angapo pakapita mphindi zochepa zilizonse. Amalumewo ankaganiza kuti chipangizo chawonongeka, koma titatsegula mapu a zotchinga pa foni tinaona kachigawo kofiira mbali imodzi yokha, molunjika ndi nthambi za mtengo umene tinaunyozera m'chilimwe. Tinasamutsa dishiyo mamita ochepa okha ndi kuikweza, ndipo kudukaduka kunatha. Choncho ngati mukuyesa m'chilimwe, onani mtengo uliwonse monga udzakhalire nthawi ya dzinja, kupatula msangu, umene umachita zosiyana ndi inzake, pakuti umayoyola masamba mvula ikayamba n'kuphukira m'chilimwe. Mango sayoyola konse, pamene bulugamu ndi nsungwi zimatalika msanga moti malo amene ali poyera lero angadzatchingidwe pakatha zaka ziwiri.

Sindikulangizani kuti mudule mtengo wa zipatso chifukwa cha intaneti. Nthawi zambiri kukweza dishi pamwamba pa denga kapena kuisunthira chapakati pa bwalo kumakwanira, ndipo pamene pavutitsitsa, kusadza nthambi imodzi kapena ziwiri kumathandiza. Amene nyumba zawo zili m'tsinde mwa phiri, monga m'madera ena a Mulanje, Zomba kapena Rumphi, ayese mosamala koposa, chifukwa phiri silisadzidwa.

Gawo lachinayi: werengerani magetsi

Ili ndiye gawo lolemera pa onse, ndipo ndikupemphani kuti mutenge pensulo. Zipangizo zimene mabanja amagula ndi za mitundu iwiri. Dishi yaikulu, yotchedwa Standard, pamodzi ndi rauta yake imadya mawati 75 mpaka 100. Yaing'ono, yotchedwa Mini, imene kukula kwake kuli ngati laputopu, imadya mawati 25 mpaka 40 okha. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa pa pepala, koma kumudzi ndi kumene kumagamula kuti mugule mabatire angati.

Ngati muli ndi magetsi a ESCOM, chiwerengero n'chapafupi. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi, choncho dishi yaikulu ikayaka usana ndi usiku imatha mayunitsi pafupifupi 2 pa tsiku, kapena 55 mpaka 70 pa mwezi, ndipo ndalama imeneyi muiphatikize pa zolipira za mwezi. Chotsala ndi kuzimazima kwa magetsi. Magetsi akathima dishi imazima nthawi yomweyo, ndipo akabwera imatenga mphindi zingapo kuti ipezenso masetilaiti, choncho batire ndi inveta (chosandutsa magetsi a batire kukhala a pa soketi), kapena UPS yaing'ono (kabokosi kosunga magetsi a padera), zimafunikabe. Ikaninso chotetezera zipangizo pa soketi, pakuti magetsi akamabwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira muyezo.

Ngati mukudalira sola, chulukitsani mawati ndi maola amene mukufuna kuti intaneti iziyaka. Dishi yaikulu kwa maola 12 ikufuna 900 mpaka 1,200 Wh (mawati kuchulukitsa ndi maola) pa tsiku, pamene Mini kwa maola omwewo ikufuna 300 mpaka 480 Wh. Batire ya mavoti 12 yolembedwa 100Ah imasunga 1,200 Wh, koma ikakhala ya mtovu, monga zambiri zimene zimagulitsidwa m'mashopu a sola, simuyenera kuitsitsa kupitirira theka, apo ayi imafa msanga. Ndiye kuti muli ndi 600 Wh zokha, ndipo inveta nayo imadyapo gawo lake posandutsa magetsiwo. Batire imodzi yotereyi ingayendetse dishi yaikulu kwa maola asanu kapena asanu ndi limodzi dzuwa litalowa, pamene Mini ingaiyendetse maola 15 kapena kuposerapo. Batire ya lithium ndi yodula pogula, koma imalola kuitsitsa kwambiri ndipo imakhalitsa zaka zambiri.

Kumbali ya mapanelo, werengerani maola asanu a dzuwa lamphamvu pa tsiku, ndipo muchotsepo gawo lotayika m'mawaya, pa fumbi ndi pa kutentha. Panelo ya mawati 200 ikupatsani pafupifupi 700 Wh pa tsiku labwino, zimene n'zokwanira Mini ndi kutchaja mafoni, koma dishi yaikulu imafuna mapanelo okwana mawati 300 mpaka 400, osawerengera mababu, wailesi ya kanema kapena firiji. Amene amakhala ku Thyolo, Mulanje ndi madera ena kumene chiperoni chimaphimba dzuwa masiku angapo otsatizana mu June ndi July awonjezerepo, chimodzimodzinso aliyense poganizira mitambo ya mu January ndi February. Batire ya galimoto musaigwiritse ntchito imeneyi, chifukwa inapangidwa kuti izipereka mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa polizitsa injini, osati kutsika pang'onopang'ono usiku wonse. Inveta ikhale ya mtundu umene ogulitsa amautcha pure sine wave. Ubwino wina wa Mini ndi wakuti imalandira magetsi a batire mwachindunji, kuyambira mavoti 12 mpaka 48, choncho mungathe kuchotsapo inveta, bola waya ukhale wonenepa ndi wosatalika kwambiri, popeza pa mavoti 12 mphamvu imatayika msanga mu waya wautali ndipo chipangizo chimangozima n'kuyakanso.

Maganizo anga ndi akuti khomo lodalira sola, la anthu osapitirira asanu kapena asanu ndi mmodzi, liyambe laganizira Mini. Dishi yaikulu ndi yoyenera sukulu, chipatala chaching'ono, nyumba yogona alendo kapena banja lalikulu lokhala ndi magetsi okwanira, chifukwa imanyamula anthu ambiri nthawi imodzi ndipo imapirira bwino mvula.

Gawo lachisanu: ndalama ndi kagulidwe

Pali ndalama zitatu zosiyana: yogulira chipangizo, imene mumalipira kamodzi, yokonzera magetsi ndi pomangirira dishi, imene kumudzi ingathe kufanana kapena kuposa yoyambayo, ndi ya mwezi ndi mwezi, imene siitha. Mitengo imasintha, makamaka kwacha ikagwa monga inachitira mu November 2023 pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, choncho khulupirirani mtengo umene mwauona nokha pa tsamba la kampani tsiku logula, ndipo muonetsetse ngati ukuphatikiza kutumiza ndi msonkho. Malipiro a mwezi amadulidwa pa khadi ya Visa kapena Mastercard, ndiye pitani ku banki yanu mukafunse ngati khadi yanu ndi yololedwa kulipira pa intaneti ndi malire ake pa mwezi. Mlimi amene amapeza ndalama kamodzi pa chaka, akagulitsa fodya, soya kapena mtedza, achite bwino kupatula ya miyezi ingapo nthawi yomweyo, kuti intaneti isadzaime mu February pamene ndalama imasowa pakhomo paliponse. Ngati amene azilipira ndi mwana kapena m'bale wa kunja, gwirizanani poyera kuti akaunti ikhala m'dzina la ndani, ndipo imelo ndi mawu achinsinsi zidziwike kwa anthu awiri.

Gulani pa tsamba la kampani kapena kwa wogulitsa wovomerezeka. Chipangizo chogwiritsidwapo kale ntchito chimakhala chomangirizidwa ku akaunti ya mwini wake woyamba, ndipo sichingagwire ntchito m'dzina lanu kufikira iyeyo atachimasula, zimene sizitheka ngati ali ndi ngongole. Musapereke ndalama musanaone ndi maso anu kuti chamasulidwa ndipo nambala yake yalowa mu akaunti yanu. Chenjeraninso ndi zipangizo zolembetsedwa m'dziko lina, chifukwa malamulo ake ogwiritsira ntchito kunja kwa dziko limenelo ndi ena ndipo zingathe kudzatsekedwa.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kumangirira dishi ndi kuyendetsa waya

Katundu akafika, musathamangire padenga. Yalani zonse pabwalo, lumikizani mawaya monga chithunzi cha m'bokosi chikusonyezera, yatsani, ndipo mudikire mphindi 15 mpaka 20 kuti chipangizo chipeze masetilaiti ndi kudzikonza. Pa foni muona Wi-Fi yotchedwa STARLINK. Lowanimo, kenako pulogalamu ija ikutsogolerani kuti muipatse dzina lanu ndi mawu achinsinsi. Dishi zakale zinali ndi injini yodzitembenuzira zokha, koma zatsopano mumazitembenuza ndi manja motsatira chithunzi chimene foni ikusonyeza mpaka itavomereza kuti zalunjika. Mukatsimikiza kuti zonse zikuyenda, ndi pamene mungapite nazo pa malo ake okhazikika.

Pa nyumba ya malata, mangirirani chitsulo chogwirizira ku khoma la njerwa kapena ku phaso lolimba, osati pa lata lokha, chifukwa mphepo yoyamba ndi mvula imene imasasula madenga siingasiye dishi yomangidwa ndi waya wa mabelo. Pa nyumba ya udzu, imikani paipi yachitsulo pambali, yokumbiridwa pansi ndi kuthiridwa simenti, koma simentiyo mudzathire mukayesa malowo monga gawo lotsatira likunenera. Mtengo, ngakhale wa bulugamu wokhwima, chiswe chimaudya m'tsinde, ndipo ukayamba kugwedera dishi imataya malo amene inalunjika. Musaike dishi pamene pamadutsa utsi wa kukhitchini kapena pansi pa mawaya a magetsi.

Waya wobwera ndi chipangizo ndi wa mamita 15, choncho yezani mtunda musanakumbe dzenje la paipi. Waya umenewu musaudule, musaupinde mothyola, ndipo musaukhomere ndi msomali wopindika monga timachitira ndi waya wa wailesi. Adani ake kumudzi ndi makoswe a kudenga, mbuzi, khasu la wolambula pabwalo ndi chitseko chimene chimaupana tsiku ndi tsiku, ndiye ulowetseni mu paipi ya pulasitiki paliponse pamene ukudutsa pansi kapena m'denga. Polowa m'nyumba, ugwetseni pang'ono m'munsi mwa bowo kenako ukwere, kuti madzi a mvula otsetsereka pa waya azidonthera panja, ndipo bowolo mulitseke.

Rauta ikhale m'chipinda chapakati, pamwamba, pamalo popita mphepo, osati m'kabati kapena kuseri kwa wailesi ya kanema. Makoma a njerwa zowotcha amafoola Wi-Fi, ndipo malata amaitchinga kwambiri. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ogula Mini, chifukwa rauta yake ili m'kati mwa dishi momwemo, moti mukaiika pamwamba pa denga la malata mungapeze kuti intaneti ikugwira bwino pabwalo koma m'chipinda mulibe. Njira yake ndi kuiika pa paipi moyang'anizana ndi zenera, kapena kukoka waya wa netiweki kuchokera pa dishiyo kufika pa rauta ina ya m'nyumba.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: masiku oyamba ndi nyengo ya mvula

Isiyeni yoyaka kwa tsiku lathunthu, kenako muone mapu a zotchinga pa foni. Ngati pali zofiira, sunthani dishi tsopano simenti isanakumangeni manja, kutanthauza kuti ndi bwino kuyesa ndi paipi yongozika musanathire simentiyo. M'makonzedwe a pulogalamu muli mbali yotenthetsa dishi kuti isungunule chipale chofewa, imene inakonzedwera mayiko ozizira. Kuno ithimitseni kuti isamadye batire pachabe. Mulinso mbali yoikira maola ogona, imene imachepetsa magetsi pakati pa usiku pamene aliyense ali m'tulo.

Mvula yowaza siisokoneza kanthu, koma yamkuntho, ya mitambo yakuda bii, imachepetsa liwiro kapena kudula intaneti kwa mphindi zingapo, ndipo imabwerera yokha mtambo ukadutsa, choncho musakwere padenga kukagwedeza dishi. Choopsa chenicheni ndi mphezi. Paipi yachitsulo ilumikizidwe ndi ndodo ya kopa yokhomeredwa m'nthaka, ntchito imene ndi ya munthu wodziwa zamagetsi, ndipo mukamva mabingu akuyandikira zulani pulagi pa soketi kufikira atapita. M'chilimwe pukutani fumbi ndi zitosi za mbalame ndi kansalu konyowa, pa dishi ndi pa mapanelo pomwe.

Anthu oyandikana nawo adzabwera kudzapempha mawu achinsinsi, ndipo kumudzi kukana n'kovuta, ndiponso si kwabwino kumana mwana wa mnansi amene akufuna kuona zotsatira za mayeso. Konzekeranitu: gwirizanani m'banja kuti ndani azilowetsa mawuwo m'mafoni a alendo m'malo mowatchula pakamwa, muziona pa pulogalamu kuchuluka kwa mafoni amene alumikizidwa, ndipo muziwasintha mawuwo pakapita nthawi. Kuthandiza mnansi n'kosiyana ndi kugulitsa intaneti, pakuti malamulo a phukusi la pakhomo salola kugulitsanso, ndipo malonda otere m'dziko muno amafuna chilolezo cha MACRA. Ngati mabanja angapo, mpingo kapena komiti ya sukulu akufuna kusonkherana, alembe mgwirizano wawo m'kope, wonena za mwini chipangizo, wosunga ndalama, tsiku losonkha, ndi amene adzagule batire ina iyi ikadzatha mphamvu.